Njira za Njinga za ku Leopards Hill: Anazilambula Ndani?

M'mawa wa pa Chiwelu, msewu wa Leopards Hill umakhala ndi anthu a njinga a mitundu iwiri. Ena amatuluka m'tauni atavala mahelemeti ndi tumakabudula tothina, ali pa njinga zopepuka zamagiya ambiri, ulendo wa kumapiri. Ena amakhala akulowa m'tauni, atanyamuka kukali mdima, njinga yosaoneka n'komwe chifukwa cha matumba a malasha amene aunjikidwa kumbuyo ndi pakati. Achinyamata ambiri kuno ku Kabwata amaona gulu loyamba lija n'kunena kuti kuchova njinga m'mapiri ndi masewera a azungu ndi ana a ku Kabulonga. Mtengo wa njingazo umawavomereza. Koma mbiri ya njira zimene njingazo zimadutsamo ikamba zina.

Ife okhala pakati pa mzinda timaganiza kuti Lusaka ndi thyathyathya. Kuchoka pa Kamwala kufika ku Chilenje palibe chitunda choti munthu n'kutsika pa njinga. Koma mzindawu wakhala pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mukalowera kum'mwera chakum'mawa dziko limayamba kupindika. Mukapitirira Bauleni ndi mafamu a m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill mumapeza timapiri tamiyala ndi tizigwa ta mitsinje youma m'chilimwe, kenaka dziko limagwa lonse kutsikira ku Zambezi. Ku Chirundu mtsinjewo uli pa mamita ngati 400 chabe. Ndiye kuti pakati pa Woodlands ndi Chiawa pali kutsika kwa mamita pafupifupi 900, ndipo kutsika kumeneko ndi kumene okonda njinga za m'mapiri amafuna.

Njira zodutsa m'mapiriwa sanazipange ndi thirakitala. Ndi mapazi a Asoli a kumtunda kuno ndi Agoba a m'chigwa, amene ankayenderana kalekale mzinda wa Lusaka kulibe. M'zaka za m'ma 1800 munkadutsanso Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati ku Luangwa, pofuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Njira ya mapazi ili ndi khalidwe lake. Ndi yopapatiza, ya munthu mmodzi. Siidula mtengo, imauzungulira. Siikwera phiri molunjika, imayenda m'mbali mwake, ndipo imawoloka mtsinje pamene pali mwala wouma. Amene amalipidwa masiku ano kuti akonze njira za njinga ku Ulaya ndi ku America amavutika kupanga chinthu chofanana ndi chimenechi. Kuno anachisiya ndi makolo.

Njinga yooneka monga imene tiidziwa lero, ya mawilo awiri ofanana ndi tcheni, inatuluka ku England mu 1885, yopangidwa ndi John Kemp Starley. Mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa. Sipanapite nthawi, British South Africa Company inayamba kulamulira dziko lino, ndipo mu 1899 inakhazikitsa Fort Jameson, amene lero ndi Chipata. Azungu a pa boma anapeza vuto lalikulu la kayendedwe. Mahatchi ankafa ndi matenda a kashembe, misewu ya ngolo inali yochepa, ndipo kunyamulidwa pa machila kunali kochedwa. Njinga ndiyo inawapulumutsa. Bwana wa pa boma akamayendera midzi kukalemba anthu ndi kutolera msonkho, nthawi zambiri ankapita pa njinga.

Awiri mwa mabwanawa, Frank Melland ndi Edward Cholmeley, anachita chinthu chimene lero chikanadzaza Facebook. Mu 1910, popita kwawo kutchuthi, ananyamuka ku Northern Rhodesia pa njinga ndi pansi, kudutsa kunyanja zikuluzikulu mpaka ku Egypt, ndipo mu 1912 anatulutsa buku la ulendowo lotchedwa Through the Heart of Africa. Ulendo wamphamvu ndithu. Chabe tisaiwale kuti bwana wa nthawi imeneyo sankanyamula tenti, mapoto kapena bokosi la zovala pa njinga yake. Kumbuyo kwake kunkabwera amtengatenga, katundu ali pamutu, ndipo pofika pachitunda chovuta kapena pamtsinje wodzala, njinga yeniyeniyo inkakweranso paphewa la munthu. Komanso mafumu ankalamulidwa kuti anthu awo azilambula njira zolumikiza midzi ndi kuika milatho yamitengo kuti bwana asavutike podutsa. Njira zoyamba za njinga m'dziko muno zinalimidwa ndi makasu a anthu amene sankaloledwa kukana.

Njinga sinakhalitse m'manja mwa azungu okha. Migodi ya ku Copperbelt itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mnyamata wobwera kuchokera kumigodi, kapena ku Salisbury ndi ku Joni, ankadziwika ndi zinthu zitatu: jekete, bokosi lachitsulo ndi njinga. Mayina monga Raleigh, Humber ndi Phillips anakhala chizindikiro chakuti munthu sanapite kukasewera. Aphunzitsi, alaliki ndi amalonda anayamba kuyenda mitunda imene kale inkatenga mlungu wathunthu m'masiku awiri. Boma nalo linaona ndalama pamenepo, ndipo njinga inayamba kulipiridwa laisensi.

Pa anthu onse amene anachova njinga m'tchire la dziko lino, palibe amene ulendo wake unabala zambiri kuposa a Kenneth Kaunda. Asanakhale munthu wodziwika, ankachova kuchoka ku Chinsali kupita kumalire a Congo kukagula zovala zakale zoti adzagulitse, salaula ya nthawi imeneyo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, atakhala wolinganiza wa African National Congress kumpoto, anayenda mudzi ndi mudzi pa njinga, gitala ali nalo, kutsegula nthambi za chipani. M'buku lawo la Zambia Shall Be Free la mu 1962 anasimba kuti tsiku lina anakumana ndi mkango panjira. Kuthawa kunali kosatheka, ndiye ananyamula njinga n'kuikweza pamwamba pa mutu, ndipo mkango unayang'ana chinthu chachilendocho n'kuchoka. Ena amaseka nkhaniyi, koma mitunda ija palibe amene angaitsutse. Njinga imeneyo inalibe magiya, inalibe masipuling'i, ndipo njira zake zinali zomwezi za mchenga, mizu ndi miyala. Mu 1953 anabwera ku Lusaka monga mlembi wamkulu wa chipani. Amene mwapitako pa nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, mwaona Land Rover imene yaima panja. Galimotoyo ndi ya kumapeto kwa nkhondo ya ufulu. Chiyambi chake chinali pa mawilo awiri.

Kabwata nayo ndi mwana wa nthawi ya njinga. Pamene likulu linkasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mzinda unali utakonzedwa motsatira maganizo a Professor Stanley Adshead: misewu yotakasuka, mitengo, mayadi aakulu a azungu ku Ridgeway. Anthu akuda amene ankagwira ntchito m'maofesi ndi m'nyumba zimenezo anaikidwa kumbali, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, tomangidwira amuna okhaokha opanda mabanja awo. Tambiri tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 pomanga mafulati, ndipo 43 timene tinatsala ndi timene lero timati Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Wokhala mmenemo analibe galimoto. Kuntchito ankapita wapansi, ndipo akasunga ndalama mokwanira ankagula njinga. Mzinda unamangidwira galimoto kuyambira pachiyambi pomwe, ngakhale eni galimoto anali ochepa, ndipo khalidwe limenelo silinathe. Milatho ya pamwamba imene inamangidwa pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres inathandiza oyendetsa galimoto. Wa njinga akali kulimbana ndi minibasi m'mphepete mwa phula.

Titalandira ufulu, boma la UNIP linafuna kuti zinthu zizipangidwa konkuno, ndipo mafakitale anagawidwa m'zigawo: magalimoto ku Livingstone, mabatire ku Mansa, magalasi ku Kapiri Mposhi, njinga ku Chipata. Fakitale ya Luangwa Industries inkatulutsa njinga za Eagle, zakuda, zolemera, za mabuleki a ndodo zachitsulo. Sanalakwitse posankha malo. Kum'mawa njinga ndi galimoto ya banja, ambulansi ndiponso lole. Imanyamula chimanga, mbuzi, malata, wodwala, ndipo ku Chipata ndi ku Katete imanyamulanso anthu olipira, monga amachitira a kabaza ku Malawi. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri, choncho Eagle inkayesedwa pachitunda tsiku lililonse. M'zaka za m'ma 1990, makampani a boma atayamba kugulitsidwa, fakitaleyi inapita m'manja mwa Tata, ndipo m'kupita kwa nthawi inalephera kupikisana ndi njinga zotchipa zochokera kunja.

Nanga njinga ya m'mapiri yeniyeniyo inachokera kuti? Chodabwitsa n'chakuti inayamba ngati Eagle. M'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Marin County ku California anayamba kutola njinga zakale za Schwinn za m'ma 1930 ndi 1940, zolemera, za matayala onenepa, zimene anthu anali atazitaya. Ankazikweza paphiri n'kutsika nazo mwaliwiro m'misewu yafumbi ya ozimitsa moto. Pa 21 Okutobala 1976 anachita mpikisano woyamba pa njira ina pafupi ndi Fairfax, yotsika mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita atatu ndi pang'ono. Mabuleki a njingazo anali a m'kati mwa wilo la kumbuyo, aja oponda chobwerera. Pofika pansi ankatentha mpaka girizi kusanduka utsi, ndipo munthu ankayenera kumasula n'kupakamo girizi wina asanakwerenso. Dzina la mpikisanowo, Repack, linachokera pa ntchito imeneyo. Makanika aliyense wa njinga wa pa Kabwata Market angaimve nkhaniyi popanda womumasulira.

Njinga zakalezo zitayamba kuthyoka, Joe Breeze anapanga felemu yolimba yopangidwira phiri mu 1977. Gary Fisher, Charlie Kelly ndi Tom Ritchey anayamba kugulitsa njinga zotere mu 1979, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa Stumpjumper, imene inafika m'masitolo mochuluka. Mu 1996 masewerawa analowa mu Olympics ku Atlanta. Ku South Africa mpikisano wa masiku angapo wa Cape Epic unayamba mu 2004.

Kusiyana kwa njinga imeneyi ndi ya wogulitsa malasha kuli pa zinthu zochepa, koma pachitunda zimaoneka. Tayala lake ndi lalikulu, lamano, ndipo silipopedwa kwambiri kuti lizigwira mchenga ndi miyala. Magiya ake amalola kuti mwendo uzungulire kambiri pamene wilo likuyenda pang'ono, motero munthu amakwera phiri atakhala pampando. Kutsogolo kuli sipuling'i yomeza mabampu, ndipo mabuleki amagwira kambale kachitsulo ka pakati pa wilo, kamene sikaterereka ndi matope. Wa malasha alibe chilichonse mwa izi. Pokwera amatsika n'kukankha, chifuwa chili pa chiwongolero. Potsetsereka, katundu wolemera kuposa iye mwini akumukankha kumbuyo, amadalira mabuleki otha ndi chidendene cha nsapato. Mukandifunsa kuti katswiri ndani pa awiriwa, sindichedwa kuyankha. Kuti malasha akutha mitengo ya ku Chongwe ndi zoona, koma imeneyo ndi nkhani ya magetsi athu ndi mbaula zathu, osati ya miyendo yake.

Mbiri ziwirizi, ya ku California ndi ya kuno, zinadzakumana ku Lusaka m'njira imene ambiri saidziwa. Kampani ya SRAM ya ku Chicago ndi imodzi mwa zazikulu zopanga magiya a njinga za m'mapiri. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa, F.K. Day, pamodzi ndi Leah Missbach Day, anakhazikitsa World Bicycle Relief mu 2005 pambuyo pa tsunami ya ku Indian Ocean. Atachoka ku Sri Lanka anabwera ku Zambia kudzapereka njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'midzi, pansi pa pulogalamu ya RAPIDS. Anapeza kuti njinga zambiri zogulitsidwa kuno zinkayamba kuthyoka zisanathe nthawi pa njira zathu. Pofuna kuthetsa vutolo ndi pamene panabadwa Buffalo, njinga yachitsulo chokhuthala imene chonyamulira chake cha kumbuyo chimasenza makilogalamu 100. Akatswiri ozolowera kupangira ochita mipikisano anaphunzitsidwa ndi njira za kumudzi kuno tanthauzo la kulimba. Mu 2007 kunayambanso Zambikes muno mu Lusaka, imene inadziwika ndi mafelemu a nsungwi ndi kangolo konyamulira odwala kotchedwa Zambulance.

Masiku ano kuli mipikisano monga Elephant Epic ndi 1Zambia MTB, imene imagwiritsa ntchito mapiri otsikira ku Lower Zambezi aja. Okwera amadutsa m'midzi, m'minda ndi m'njira za ng'ombe, ana akuwathamangira m'mbali. Ndi masewera okoma, ndipo ena mwa iwo amasonkhetsa ndalama zotetezera nyama zakutchire. Chovuta ndi khomo lolowera. Njinga yoti ipirire ulendo wotere, ndalama yolembetsera, ndi galimoto yokakutengani kuchigwa, zonsezi pamodzi zimaposa malipiro a miyezi ingapo a munthu wamba. Ku Solwezi mgodi wa Kansanshi unaonetsa kuti vutoli lili ndi mankhwala: unakhazikitsa timu ya njinga, n'kupatsa achinyamata a m'deralo njinga ndi aphunzitsi, ndipo iwo anayamba kupambana mipikisano. Miyendo ilipo. Kuno ku Lusaka mnyamata wa m'komboni amayambira pa njinga ya salaula ya pa Kamwala kapena pa Soweto, magiya ena osagwira, n'kumaikonza pang'onopang'ono, monga momwe anayambira anyamata a ku Marin aja.

Amene afuna kuona dziko limene linangokhala ngati analipangira njinga, apite ku Nyika. Ndi phiri lathyathyathya pamwamba, la udzu waufupi, timapiri tobulungira totsatizana mpaka kumene maso alekezera, ndi tinkhalango tobisala m'zigwa. Mbali yaikulu ili pamwamba pa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka madzi kuuma m'mawa. Alendo a ku Britain amati kumafanana ndi Scotland, chabe kuti kuno mumachova pakati pa mbidzi ndi ntchefu. Ku Chelinda, mbali ya Malawi, alendo amayenda pa njinga m'tinjira ta m'pakimo. Ambiri a ife sitidziwa kuti Zambia nayo ili ndi Nyika National Park yakeyake, kachigawo ka makilomita 80 m'bwalo lake, kamene msewu wake wabwino umadzera ku Malawi. Koma bata la ku Nyika lili ndi mtengo wake. Paki ya ku Malawi inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamene inakulitsidwa mu 1978 kufika pa makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake, anthu zikwizikwi amene ankakhala m'mphepete mwa phirilo anasamutsidwa. Zina mwa njira zimene mlendo amasangalala nazo lero zinkapita kumidzi imene kulibenso.

Kuno kwathu njira zikutha mwa mtundu wina. Nkhalango ya Lusaka East Forest Reserve, imene tonse timangoti Forest 27, ili kum'mawa kwa mzinda cha ku State Lodge, ndipo ndi kumene kumachokera madzi a mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Inatetezedwa mu 1957. Mu 1983 chitetezocho chinachotsedwa, mitengo inadulidwa, mchenga unakumbidwa, ndipo mtsinje unayamba kuuma. Anthu okhala m'mbali mwa Chalimbana anasaina chikalata chodandaula, ndipo mu 1996, nthawi ya a Frederick Chiluba, nkhalangoyo inatetezedwanso. Si kawirikawiri m'dziko muno malo kubwerera m'manja mwa anthu onse atachokamo kale. Koma kuyambira mu 2017 boma linayambanso kudula zigawo za nkhalangoyo kuti pamangidwe nyumba, ndipo mbali yoposa theka inachoka. Oteteza mtsinje pamodzi ndi a ufumu wa Asoli, pansi pa amfumu a Nkomeshya Mukamambo II, anatsutsa, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti.

Okamba za Forest 27 amatchula kwambiri za madzi, ndipo akunena zoona, pakuti zitsime za mzinda uno zimadalira mvula imene imalowa pansi m'malo otere. Koma nkhalangoyi ndi amodzinso mwa malo otsiriza pafupi ndi tauni amene munthu angathamange kapena kuchova pansi pa mitengo ya msuku ndi mombo. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 chakum'mwera kwake, ndi yotchingidwa ndi waya ndipo pakhomo amalipiritsa. Mafamu akale a m'mbali mwa Leopards Hill ndi Twin Palm akudulidwa mapuloti, ndipo puloti iliyonse imayamba ndi mpanda wa mabuloko nyumba isanakumbidwe n'komwe maziko. Njira ya mapazi ilibe taitolo. Mpanda ukaidula pakati, mayi wochokera kumunda, mwana wa sukulu, wa malasha ndi wa helemeti uja onse amabwerera kukazungulira kumsewu wa phula.

Kuchoka pa Kabwata Cultural Village, kudzera ku Woodlands, n'kulowa msewu wa Leopards Hill mpaka m'mphepete mwa nkhalango imene yatsala, ndi mtunda wosafika makilomita 20. Pa njinga ya salaula yamagiya ogwira ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, matope atauma, dzuwa la Okutobala lisanafike. Tengani pampu, zigamba ndi guluu, chifukwa minga ya m'njira zimenezo siisankha mtengo wa tayala.